PostgreSQL ikamagwa pa ma query a pgRouting: kutchinga seva, kudula mapu, kapena kusamukira ku injini ina?

Tebulo la misewu likakhala la mzinda umodzi, `pgr_dijkstra`, function ya pgRouting yofufuza njira yaifupi pa mapu osungidwa mu detabesi ya PostgreSQL, imayankha msanga ndipo palibe wodandaula. Mukangolowetsa mapu a OpenStreetMap (OSM) a mayiko angapo, kapena a Africa yonse kuchokera ku Geofabrik, komwe mapuwa amatsitsidwa, query yomweyija imayamba kuchedwa, RAM n'kumakwera, kenako psql, pulogalamu yolankhulira ndi detabesi, n'kulemba kuti `server closed the connection unexpectedly`. Chopweteka n'chakuti sagwa yekha amene anafunsa njira. Aliyense amene anali pa detabesiyo amadulidwa, ndipo ofuna kulowanso amangouzidwa kuti `the database system is in recovery mode` mpaka seva itadzukanso.

Ambiri amathamangira ku `postgresql.conf` kukakweza `work_mem` ndi `shared_buffers`. Kawirikawiri sizithandiza, ndipo nthawi zina seva imayamba kugwa msanga kuposa kale.

Kumene RAM ikupita

PostgreSQL imapatsa aliyense wolumikiza purosesi yakeyake, yomwe imatchedwa backend. pgRouting ndi extension yolembedwa mu C ndi C++, yodalira Boost Graph Library, ndipo imagwira ntchito mkati mwa backend momwemo. Mukaitana `pgr_dijkstra`, imayamba yathamangitsa SQL ya zidutswa za misewu imene mwaipatsa, n'kuwerenga mizere yonse, n'kumanga graph (ukonde wa mphambano ndi misewu yozilumikiza) mu RAM, n'kufufuza njira, n'kubweza yankho, kenako graph ija n'kuitaya. Query yotsatira imayambiranso pachiyambi. Anthu 10 akafunsa njira nthawi imodzi, mu RAM mumakhala ma graph 10, iliyonse yathunthu.

Chidutswa chimodzi chili ndi manambala asanu, `id`, `source`, `target`, `cost` ndi `reverse_cost`, iliyonse ya mabaiti 8. Pamodzi ndi mabaiti 40. Zidutswa mamiliyoni 20 zadya kale 800 MB graph isanayambe n'komwe kumangidwa. Graph yeniyeniyo imaonjezerapo zambiri, chifukwa msewu woyendeka mbali zonse umasungidwa kawiri, mphambano iliyonse imakhala ndi mndandanda wa misewu yotulukapo, ndipo pamafunikanso malo osungira mtunda ndi kumene njira yachokera.

Memori ya graph yeniyeniyo C++ imaipempha mwachindunji kwa Linux. `work_mem`, yomwe imayambira pa 4 MB, imangolamulira za kusanja mizere ndi ma hash a SQL, graph siikhudza. `shared_buffers` nayo ndi gawo la RAM lopatulidwiratu, ndiye mukaikweza kuchoka pa 8 GB kufika pa 16 GB pa makina a 32 GB, mwachepetsa ndi 8 GB malo omangira ma graph.

Nanga enawo amagweranji? Ma backend onse amagawana memori imodzi. Imodzi ikafa mwadzidzidzi, postmaster, purosesi yaikulu yoyang'anira ma backend onse, sangadziwe ngati yasiya zinthu zili bwino mmenemo, choncho amathetsa ena onse, n'kuwerenganso WAL, kaundula wa zosintha zonse, kuchokera pa checkpoint yomaliza (pomwe zosintha zinalembedwa komaliza pa disiki), n'kutsegulanso. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo PostgreSQL imachita zimenezi mwadala pofuna kuteteza deta yanu.

Yambani mwawerenga logi

Musanasankhe chochita, pezani mzere uwu mu logi ya PostgreSQL:

```
LOG: server process (PID 21877) was terminated by signal 9: Killed
DETAIL: Failed process was running: SELECT * FROM pgr_dijkstra(...
LOG: terminating any other active server processes
```

Nambala ya signal ndiyo ikuuzeni kolowera. Signal 9 ndi OOM killer wa Linux, amene amapha purosesi RAM ikatha. Tsimikizani ndi `dmesg -T` kapena `journalctl -k`, mupeze `Out of memory: Killed process` pa nthawi yomweyo. Ngati kernel sinalembe kanthu, funsani anzanu a muofesi, mwina wina anaona query yatenga nthawi n'kuimenya `kill -9`. Zimenezo zimagwetsa seva chimodzimodzi. Zoyenera kugwiritsa ntchito ndi `pg_cancel_backend` kapena `pg_terminate_backend`.

Signal 11 ndi segmentation fault, kutanthauza kuti khodi yakhudza memori yomwe si yake. Pa Windows zofanana nazo zimaoneka ngati `exception 0xC0000005`. Apa kugula RAM n'kutaya ndalama. Yerekezani `extversion` ya mu `pg_extension` ndi phukusi lomwe laikidwa pa makinawo, chifukwa kawirikawiri wina anakweza phukusi la pgRouting osathamangitsa `ALTER EXTENSION pgrouting UPDATE`, ndiye SQL yakale ikuitana laibulale yatsopano. Onaninso `pgr_full_version()` ndi `postgis_full_version()`. Zikapanda kuonetsa vuto, lolani core dump, ikani maphukusi a dbgsym, ndipo `coredumpctl` ndi `bt` ya mu gdb zikuonetsani malo enieni pomwe yafera. Veshoni zakale kwambiri, za 2.0 ndi m'mbuyo mwake, zinkapatula malo molingana ndi kutalikirana kwa id yaing'ono ndi yaikulu ya mphambano, moti ma id a OpenStreetMap, omwe ali m'mabiliyoni, ankatha kugwetsa seva ngakhale mapu ali ochepa. Amene akadali kumeneko asavutike ndi zina zonsezi, ayambe wakweza veshoni.

Signal 6 nthawi zambiri ndi exception ya C++ yomwe sinagwidwe, ndipo `std::bad_alloc` ndiyo yoyamba kuikayikira. Pali uthenga winanso womwe anthu amausokoneza ndi kugwa kwa seva: `invalid memory alloc request size`. Umenewu ndi ERROR wamba, seva imakhala ili chilili. `palloc` salola kupempha kopitirira 1 GB kamodzi, ndipo pa veshoni zomwe zimasunga zidutswa zonse m'malo amodzi otere, malirewo amafikidwa pa zidutswa pafupifupi mamiliyoni 26.8.

Mu Docker onani `docker inspect`: `OOMKilled` ikakhala `true`, malire a kontena ndiwo apha, ngakhale makina ali ndi RAM yotsala. Ndipo mukaona `could not resize shared memory segment`, ndi `/dev/shm` ya Docker yomwe imayambira pa 64 MB yokha. `--shm-size` imakonza zimenezo.

Zotsatirazi zonse ndi za signal 9 ndi abale ake a kutha kwa memori.

Kutchinga seva kuti isagwe

Apa simukuchepetsa njala ya query, mukungoonetsetsa kuti ikafuna zopitirira, igwe yokha osagwetsa seva. Linux mwachizolowezi imalonjeza memori yomwe ilibe, n'kudzapha purosesi zikavuta. Mukaika `vm.overcommit_memory=2`, imasiya kulonjeza mopitirira malire, ndipo pempho lopitirira limakanidwa pomwepo. Ma function ambiri a pgRouting amagwira kukanidwako n'kubweza ERROR kwa wofunsa yekhayo. Zolemba za PostgreSQL zenizenizo zimalimbikitsa setingi imeneyi.

Msampha uli pa `vm.overcommit_ratio`, yomwe imayambira pa 50. Malire ake ndi swap kuphatikiza peresenti imeneyo ya RAM. Pa makina a RAM 32 GB ndi swap 4 GB, malire amakhala 20 GB yokha, ndiye mudzaona `out of memory` RAM yambiri ili khale. Mukaika 80 malire amafika pa 29.6 GB. Onani `CommitLimit` ndi `Committed_AS` mu `/proc/meminfo` musanasinthe komanso mutasintha. Tetezaninso postmaster poika `oom_score_adj` yake pa -1000, ndipo `PG_OOM_ADJUST_FILE` ndi `PG_OOM_ADJUST_VALUE=0` zionetsetse kuti ma backend satengera chitetezocho.

Mu kontena nkhani ndi ina. Setingi ya overcommit ndi ya makina onse, ndipo malire a memori a kontena (cgroup) akafikidwa kernel imapha basi, osakana pempho. Pa Kubernetes kapena Docker yokhala ndi malire a memori, musadalire njira imeneyi payokha.

Chimene chimagwira ntchito kulikonse ndi kuchepetsa ma query othamanga nthawi imodzi. Yesani kaye kuti imodzi imadya zingati. Tsegulani psql, lembani `SELECT pg_backend_pid();`, thamangitsani query yaitali kwambiri yomwe mumayembekezera, ndipo pa windo lina muziona `/proc/<pid>/status`. `VmHWM` imasunga pamwamba pomwe inafika, koma imawerengeramo masamba a `shared_buffers` omwe backend inakhudza, ndiye yang'anitsitsani `RssAnon` query ili mkati. `pg_backend_memory_contexts`, yomwe inabwera mu PostgreSQL 14, ikupusitsani pano, chifukwa imangoona memori yodutsa mu `palloc`.

Tinene kuti mwapeza 3 GB. Pa RAM 32 GB, chotsani 8 GB ya `shared_buffers` ndi 6 GB ya Linux ndi ntchito zina, kwatsala 18 GB. Ma query 6 adzaza malowo, ndiye ikani malire pa 5. Pangani role yapadera ya zofufuza njira, `ALTER ROLE routing CONNECTION LIMIT 5`, ndipo kutsogolo kwake ikani PgBouncer, pulogalamu yoima pakati pa olumikiza ndi detabesi, ya `pool_size` yofanana kuti owonjezera azidikira pamzere m'malo mokanidwa. `max_connections` yoyambira ya 100 pa ntchito ngati imeneyi ndi ngozi yongodikira tsiku. Ikaninso `statement_timeout` pa role yomweyo, podziwa kuti imagwira pokhapokha khodi ya C++ ikafika pomwe imayang'ana ngati yauzidwa kuima, ndipo veshoni zakale zimachedwa kumva. Backend yomwe yamanga graph yaikulu sibweza memori yonse kwa Linux nthawi zonse, choncho kuchepetsa `server_lifetime` ya PgBouncer kuchoka pa masekondi 3600 kumathandiza.

Kutchingaku n'kotchipa, kumatheka tsiku limodzi, ndipo aliyense ayenera kukuchita posatengera china chomwe wasankha. Koma query ija ikhala yochedwa monga kale.

Kusintha algorithm

Anthu amakonda kuyamba ndi imeneyi chifukwa ndi kusintha dzina la function basi. `pgr_bdDijkstra` imafufuza kuchokera mbali zonse ziwiri, `pgr_aStar` imalunjika komwe mukupita, ndipo zonse zimachepetsa mphambano zoyendera. Vuto n'lakuti nthawi yambiri ndi RAM yambiri zimathera powerenga zidutswa ndi kumanga graph, ndipo pamenepo sizisintha kanthu. `pgr_aStar` imafunanso `x1`, `y1`, `x2`, `y2`, ndiye chidutswa chimachoka pa mabaiti 40 kufika pa 72. Pa seva yomwe ikufa ndi signal 9, mwangoonjezera katundu.

Chomwe chimapindulitsadi ndi kaitanidwe. Ngati muli ndi maulendo 500 ndipo mukuitana `pgr_dijkstra` pa mzere uliwonse, mukumanga graph ka 500. Perekani onse pamodzi kudzera mu ma array kapena SQL ya ma combination, yomwe inabwera mu 3.1, graph imangidwe kamodzi. Ngati mukungofuna nthawi kapena mtunda, gwiritsani ntchito `pgr_dijkstraCost` kapena `pgr_dijkstraCostMatrix`. Malo 1,000 kupita ku malo 1,000 ndi njira pafupifupi 1 miliyoni, ndipo mukapempha njira iliyonse ndi zidutswa zake zonse, yankho lokhalo lingadzaze RAM.

`pgr_floydWarshall` ndi `pgr_johnson` zisayandikire mapu aakulu. Zimawerengera mtunda wa mphambano iliyonse kupita ku inzake iliyonse: mphambano 100,000 zimafuna manambala 10 biliyoni, omwe ndi 80 GB. Zolemba za pgRouting zimalangiza kusapitirira zidutswa 3,500.

Kudula mapu ndi bokosi

Kwa ambiri yankho lenileni lili apa. Graph imakula molingana ndi mizere yomwe SQL yanu yabweza, ndiye ipatseni yochepa.

```sql
SELECT * FROM pgr_dijkstra(
  'SELECT gid AS id, source, target,
          cost_s AS cost, reverse_cost_s AS reverse_cost
   FROM ways
   WHERE the_geom && (
     SELECT ST_Expand(ST_Collect(the_geom), 0.2)
     FROM ways_vertices_pgr WHERE id IN (1520, 98431))',
  1520, 98431, directed => true);
```

Mayina a makolamu ndi a osm2pgrouting 2.x. Pamafunika index ya GiST pa `the_geom`, ndipo thamangitsani SQL yamkatiyo payokha ndi `EXPLAIN ANALYZE` muone ngati index ikugwiradi ntchito. Samalani ndi muyeso: pa EPSG:4326, 0.2 ndi madigiri, pafupifupi makilomita 22, pomwe pa projection ya mamita 0.2 ndi masentimita 20. Wolemba 5000 akuganiza mamita pa deta ya madigiri watenga dziko lonse, ndipo seva igwa monga kale.

Bokosi lili ndi zofooka ziwiri, ndipo choyambacho n'choopsa chifukwa sichifuula. Njira yabwino ikakhala kunja kwa bokosi, pgRouting sidandaula: imabweza njira ina yoipirapo yomwe ili mkati, kapena mizere 0. Taganizani za galimoto yochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mbamba Bay ku Tanzania. Malo awiriwa angoyang'anana kutsidya kwa nyanja, ndipo bokosi lowazungulira ndi laling'ono. Koma msewu umakwera ku Karonga, kuwoloka malire pa Songwe, kufika chakufupi ndi Mbeya, kukhotera ku Makambako, kutsika ku Njombe ndi Songea, kenako Mbinga. Njirayo imatuluka m'bokosi ndi madigiri opitirira awiri kumpoto. Nyanja, mapiri, mitsinje ya milatho yochepa ndi zipata za m'malire zonse zimachita zomwezo.

Mankhwala ake ndi kukulitsa bokosi pang'onopang'ono. Lembani function ya PL/pgSQL yoyamba ndi 0.2, ikapanda kupeza njira iwirikize, koma ikhale ndi malire omaliza omwe mwayesa kale kuti RAM ikwanira. Musanafike apo, thamangitsani `pgr_connectedComponents` kamodzi n'kusunga nambala ya gulu pa mphambano iliyonse. Poyambira ndi pothera zikakhala m'magulu osiyana, njira palibe, ndipo palibe chifukwa chokulitsira bokosi mpaka kugwetsa seva. Mapu a OpenStreetMap amakhala ndi tizilumba tambiri totere, timisewu tomwe wojambula sanatilumikize ku msewu waukulu. Kukulitsaku sikuthetsa vuto la njira yoipirapo yopezeka m'bokosi laling'ono. Pamenepo mungathe kufufuzanso ndi bokosi lotsatira n'kuona ngati mtengo wa njira watsika.

Chofooka chachiwiri n'chakuti ulendo ukatalika, bokosi limakula mpaka kusiya kuthandiza. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, bokosi limameza gawo lalikulu la mayiko anayi, pamodzi ndi timisewu tonse ta m'matauni a Gauteng.

Kudula mapu potengera mtundu wa msewu

Woyenda ulendo wautali amagwiritsa ntchito timisewu ta m'malokeshoni poyambira ndi pothera pokha. SQL yanu ichite chimodzimodzi: itenge misewu yonse yomwe ili mkati mwa madigiri 0.1 kapena 0.2 kuzungulira poyambira, yonse yozungulira pothera, ndipo pakati pake itenge `motorway`, `trunk`, `primary` ndi `secondary` zokha m'bokosi lalikulu. Lumikizani magawo atatuwa ndi `UNION` kuti chidutswa chisabwere kawiri. Popeza `residential`, `service`, `track` ndi `path` ndizo zimachuluka kwambiri mu deta ya OpenStreetMap, graph imachepa kwambiri.

Chomwe chimalakwika kawirikawiri ndi kuiwala ma link, `trunk_link`, `primary_link` ndi anzake, omwe amalumikiza misewu ikuluikulu pa mphambano. Mukawasiya, misewu imaoneka yolumikizana pa mapu koma galimoto singakhote. Kumadera akumidzi, msewu wokhawo wopita ku sitolo kapena kuchipatala ungakhale wolembedwa `tertiary` kapena `unclassified` kwa makilomita ambiri, ndiye bokosi laling'ono la pothera silifika pa msewu waukulu. Thamangitsani `pgr_connectedComponents` pa misewu ikuluikulu yokha. Ikatuluka m'magulu ambiri, onjezani `tertiary`.

Mungathenso kudula musanalowetse n'komwe. `osmium tags-filter` imachotsa zosafunika mu fayilo ya PBF, `osmium extract` imadula dera, ndipo `mapconfig_for_cars.xml` ya osm2pgrouting imasiya njira za oyenda pansi. Chinanso chothandiza ndi tebulo lopyapyala la makolamu asanu aja okha, kuphatikiza mtundu wa msewu, la ma query omwe safuna bokosi. Geometry muziilumikiza pamapeto, pa zidutswa za njira yopezekayo basi.

Njira imeneyi sikutsimikizirani njira yaifupi kuposa zonse, koma pa magalimoto onyamula katundu yankho lake limakhala lomwe dalaivala akanasankha.

Contraction

`pgr_contraction` imafupikitsa graph pasadakhale m'njira ziwiri. Ya dead end imachotsa mphambano za kumathero kwa misewu yosatulukira kwina. Ya linear imachotsa mphambano zomwe msewu umangodutsapo, n'kuika chidutswa chimodzi chachidule cha mtengo wophatikiza. Imapindulitsa kwambiri mukachotsa timisewu tating'ono, chifukwa pamenepo msewu waukulu umatsala wodukaduka pamalo pomwe timisewuto tinkalowera.

Mtengo wake ndi ntchito ya manja. Function imangokupatsani mndandanda wa zosintha, zidutswa zachidule za id ya negative ndi `contracted_vertices` yake, ndipo kusunga zimenezo m'matebulo ndi udindo wanu. Poyambira pakakhala pa mphambano yomwe inachotsedwa, muyenera kubwezeretsa kagawo kake mu SQL. Yankho likabwera, zidutswa zachidule muyenera kuzimasula kuti mujambule njira. `cost` ikasintha, zachidule zonse zokhudzidwa ziwerengedwenso. Ndipo contraction yeniyeniyo imanyamula graph yonse mu RAM, ndiye ichitireni pa makina ena. Ngati mwafika polemba zonsezi pofuna liwiro basi, mwayamba kumanga pamanja chinthu chomwe mainjini apadera ofufuza njira monga OSRM ndi GraphHopper ali nacho kale.

Seva yachiwiri ya zofufuza njira zokha

Ngati detabesi yomweyo ikusunganso maoda, malipiro kapena kaundula wa makasitomala, chachikulu n'chakuti zimenezo zisagwe chifukwa cha mapu. Pangani replica, seva yachiwiri yokopera deta ya seva yaikulu, ndi `pg_basebackup -R`, ikani veshoni yomweyo ya PostGIS ndi pgRouting, ndipo ma query onse a njira azipita kumeneko. Ma function ofufuza njira amangowerenga, ndiye amayenda pa hot standby, replica yolola kuwerenga kokha. Replica ikagwa, seva yaikulu siimva kanthu.

Query yaitali pa replica ingathetsedwe ndi `canceling statement due to conflict with recovery` ikapitirira `max_standby_streaming_delay`, yomwe imayambira pa masekondi 30. Kwezani nambalayo kapena yatsani `hot_standby_feedback`, podziwa kuti yachiwiriyi imachedwetsa vacuum, ntchito yochotsa mizere yakale, pa seva yaikulu. Chenjeraninso ndi matebulo a `UNLOGGED`, omwe ena amawagwiritsa ntchito kuti mapu alowe msanga. Safika pa replica, ndipo seva ikagwa PostgreSQL imawakhuthula podzuka. Kugwa kamodzi, tebulo la misewu n'kupezeka lopanda mzere ngakhale umodzi. Mukamaliza kulowetsa, thamangitsani `ALTER TABLE ways SET LOGGED`.

Kuchotsa graph mu detabesi

Mainjini apadera amamanga graph kamodzi, n'kuisunga, ndipo ofunsa onse amagawana yomweyo kudzera pa HTTP. Vuto la ma graph 10 a anthu 10 limatheratu.

OSRM ndi ya C++ ndipo ndiyo imadziwika ndi liwiro, makamaka pa ma matrix a mitunda. Mumayamba ndi `osrm-extract` ndi profile ya Lua monga `car.lua`, kenako mumasankha. `osrm-contract` imagwiritsa ntchito Contraction Hierarchies (CH), njira yomwe ofufuza a ku Karlsruhe anaifalitsa mu 2008: mayankho ndi achangu kwambiri, koma kusintha liwiro la misewu kumafuna kukonzanso kwa nthawi yaitali. `osrm-partition` ndi `osrm-customize` zimapanga MLD (Multi-Level Dijkstra), yochedwerapo pang'ono poyankha koma yolola kulowetsa maliwiro atsopano kuchokera mu CSV mwachangu. `osrm-routed` imamvetsera pa port 5000, ndipo `--max-table-size` imayambira pa 100. Njala ya RAM sinathe, yangosamukira pa nthawi yokonza mapu, pomwe RAM ikatha palibe wogwiritsa ntchito amene wadulidwa. Profile iliyonse, ya galimoto, ya njinga kapena ya lole, imafuna deta yake ndi purosesi yake.

GraphHopper ndi ya Java, ndiye RAM yake mumailamulira ndi `-Xmx`, ndipo ikaperewera mumaona `OutOfMemoryError` yomveka bwino. Ili pakatikati: ili ndi CH ya liwiro, ma landmark, komanso custom model yolola kusintha malamulo pa pempho lililonse CH ikazimitsidwa. Ingathenso kuwerenga graph kuchokera pa disiki ndi MMAP pa makina a RAM yochepa.

Valhalla, yomwe inayambira ku Mapzen, imagawa mapu m'matailo a magawo atatu, a madigiri 4, 1 ndi 0.25, n'kumawerenga okhawo omwe ulendo ukufuna. Ndi maganizo omwe aja a bokosi ndi mitundu ya misewu, koma omangidwiratu. Mtengo wa msewu umawerengedwa pa nthawi yofunsa, ndiye deta imodzi imatumikira galimoto, njinga ndi lole, ndipo pa lole mungapereke kulemera ndi kutalika kwake. Pa ma matrix aakulu siifika pa OSRM.

Chomwe mumataya ndi SQL, ndipo si chaching'ono. Mu pgRouting, mlatho ukakokoloka mumalemba `UPDATE` imodzi yoika `cost` ndi `reverse_cost` pa -1, ndipo query yotsatira yadziwa kale. Mungathe kuwerengera `cost` kuchokera ku tebulo lina lililonse, la nyengo ya mvula, la misonkho ya pamsewu, la misewu yoletsedwa kwa kasitomala wina. Mainjini atatuwa anapangidwira deta ya OpenStreetMap, ndiye ngati misewu yanu ndi ya dipatimenti ya boma kapena yojambula nokha, muyenera kuisandutsa kaye kuti ifanane ndi OSM. Ndipo mwaonjezera seva ina yofuna woisamalira ndi kuikonzera mapu atsopano.

Ndiye musankhe iti?

Funso lolekanitsa ndi lakuti `cost` yanu imasintha motani. Ngati ndi nthawi kapena mtunda wamba pa mapu a OSM, ofunsa ali ambiri kudzera pa webusaiti kapena foni, musalimbane ndi pgRouting: OSRM ngati mukufuna ma matrix, Valhalla ngati RAM ili yochepa kapena mitundu ya magalimoto ili yambiri. Ngati `cost` imadalira deta yanu ndipo imasintha tsiku ndi tsiku, khalani pa pgRouting, dulani ndi bokosi pa maulendo a m'tauni ndi mitundu ya misewu pa maulendo aatali, ndipo ikani pa replica ngati detabesiyo ili ndi ntchito ina. Ambiri amathera pa zonse ziwiri, injini yoyankha anthu ndi pgRouting ya kafukufuku wa muofesi. Kugula RAM kumathandiza pa ntchito ya munthu mmodzi yochitika kamodzi pa sabata. Pa ntchito ya anthu ambiri kumangosuntha tsiku logwa, chifukwa wofunsa aliyense woonjezera amabwera ndi graph yake.

Chilichonse chomwe mwasankha, chiyeseni pa makina oyeserera musanachiike kwa anthu. Lembani fayilo ya pgbench, chida choyesera PostgreSQL, yosankha mphambano ziwiri mwachisawawa ndi `\set a random(1, 500000)`, kusintha nambalayo kuti ifanane ndi tebulo lanu, n'kuthamangitsa `pgbench -n -f njira.sql -c 8 -T 300`. Yambani ndi chiwerengero cha `-c` chofanana ndi malire anu, kenako chipitirireni dala muone ngati owonjezera akudikira kapena kukanidwa, postmaster osadzukanso. Muikemo maulendo ovuta mwadala: aatali kwambiri, owoloka malire, ozungulira nyanja, ndi opita ku mphambano yosalumikizidwa. Pomaliza tengani maulendo 200 kapena 300, afufuzeni pa graph yonse pa makina a RAM yokwanira, n'kuyerekeza `agg_cost` yake ndi ya graph yodulidwa. Pomwe zasiyana kwambiri, tsegulani njira ziwirizo mu QGIS, pulogalamu yoonera mapu. Kawirikawiri mupeza link yosiyidwa kapena bokosi lomwe laduka pafupi ndi mlatho.